Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo ku Mangochi: wodwala phazi azivula nsapato asanalembedwe panado

Kwa Bwana DC, Mkulu wa Zaumoyo m'boma la Mangochi, makhansala, aphungu athu ndi mafumu onse,

Mabwana ndi madona, landirani moni wathu waulemu. Tikudziwa kukula kwa katundu amene mwasenza. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma lino lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndipo malungo, likodzo, uchembere ndi kolera zimadya nthawi yanu ndi ndalama zochepa zimene mumalandira. Amene talemba kalatayi ndife ena mwa ogwira ntchito zachipatala ndi osamalira odwala matenda a shuga. Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, choncho tiloleni tikutsineni khutu pa nkhani ya mapazi.

Dandaulo lathu ndi ili. Munthu akafika kuchipatala n'kunena kuti phazi likumuwawa popanda chomulasa kapena chomugwera, kawirikawiri amatuluka m'buku lake mutalembedwa nyamakazi, m'manja muli panado kapena bufeni, nsapato zili kuphazi momwe adazivalira kunyumba. Mwezi wamawa amabweranso n'kulandira zomwezo. Tsiku limene wina adzamuvule nsapato, chala chimakhala chitada bii, ndipo nkhani imene yatsala imakhala ya malo odulira mwendo. Sitikuloza chala namwino kapena dokotala wina aliyense, pakuti munthu mmodzi amene wayang'anizana ndi mzere wofika kunja kwa khonde amachita zimene angathe. Chosowa ndi lamulo, zida ndi maphunziro, ndipo zimenezo zili m'manja mwanu.

Mawu oti nyamakazi akubisa matenda osiyana kwambiri, ena mwa iwo ofuna chithandizo chotsutsana.

Oyamba ndi kuchepa kwa magazi ofika kuphazi. Mitsempha yotenga magazi kuchokera kumtima imadzaza mafuta m'kati mwake n'kupanikizika, ngati paipi ya mjigo imene yagwira dzimbiri. Amene ali pachiopsezo ndi osuta fodya, wa m'paketi kapena chingambwe, odwala shuga, a BP yokwera, a vuto la impso ndi achikulire. Matendawa amadziulula okha ngati wodwala wafunsidwa bwino. Katumba amagwira ululu munthu akayenda mtunda wina wake, pafupifupi womwewo tsiku lililonse, ndipo akaima chilili ululuwo umatha mphindi khumi zisanakwane. Taganizirani bambo wa zaka 58 amene kale ankayenda kuchoka kunyumba mpaka kudoko osapuma, koma tsopano amaima kawiri panjira ngati akucheza ndi anthu, pofuna kuti mwendo uleke kukokana. Ameneyo si waulesi, ndipo si ukalamba chabe. Matendawa akakula, ululu umasamukira kuzala ndi kutsogolo kwa phazi, umabwera usiku atagona, ndipo umachepa akalendewetsa mwendo pansi kapena akagona chokhala pampando. Phazi limazizira, ubweya wa pamsongolo umatha, khungu limanyezimira, zikhadabo zimakhuthala, ndipo kachilonda ka kunsonga kwa chala kamatha masabata awiri osapola. Apa mwendo uli kale pangozi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mitsempha ya kumwendo ikatsekeka, ya kumtima ndi ya kumutu imakhalanso ikutsekeka, motero munthuyu akhoza kufa ndi mtima kapena sitiroko mwendo usanadulidwe n'komwe.

Achiwiri ndi kuwonongeka kwa timitsempha tomvera kukhudza ndi ululu. Wodwala amati mapazi akuwotcha ngati waponda phulusa la moto, akubaya ngati singano, achita dzanzi, kapena akumva ngati akuyenda pa thonje. Amayambira kuzala za mapazi onse awiri n'kumakwera, ndipo amavuta kwambiri usiku. Shuga ndiye gwero lalikulu, koma si yekha. HIV imachita zomwezo. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amachita zomwezo ngati wodwala sakulandira pyridoxine (vitamini B6). Kachasu womwa zaka zambiri, kuchepa kwa vitamini B12, komwe kumabweranso mwa ena amene amwa metformin (mankhwala a shuga) nthawi yaitali, ndiponso khate, zonsezi zimapha timitsempha timeneti. Choopsa chake chimabwera pamene ululu waleka. Phazi losamva limaponda msomali, mbedza, munga wa nsomba kapena mchenga wotentha wa mu Okutobala osadziwa kanthu, ndipo mwini wake amazindikira ataona magazi m'patapata kapena atamva fungo.

Achitatu ndi magazi oundana m'mitsempha yobweza magazi kumtima. Mwendo umodzi umatupa mwadzidzidzi, umatentha, katumba amawawa pomukhudza. Zimachitika mwa amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, mwa amene achitidwa opaleshoni, mwa odwala TB kapena khansa, ndi mwa amene akhala malo amodzi nthawi yaitali. Kuno ku Mangochi tisaiwale ana athu obwera ku Joni, amene amakhala pampando wa basi usana ndi usiku kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, miyendo itapanikizidwa ndi katundu. Tepi yoyezera imathandiza: yezani katumba wa miyendo yonse pa masentimita 10 pansi pa kafupa kotuluka kumunsi kwa bondo, ndipo ngati wotupawo waposa mnzake ndi masentimita 3 kapena kupitirira, muganizire kwambiri za magazi oundana. Mwendo wotere susisitidwa. Chibuma cha magazi chikasuntha chimakatseka m'mapapo, munthu n'kuyamba kubanika, ndipo ena amafa pomwepo.

Palinso ululu wamba umene suopseza mwendo: chidendene chowawa pa mapondedwe oyamba a m'mawa, zikang'a, matekenya, chala chachikulu chotupa usiku umodzi, kapena ululu wochokera kumsana umene umatha munthu akakhala pansi kapena akawerama. Koma munthu sanganene kuti ndi wamba asanaone phazi.

Kuyeza kumene tikupempha sikufuna magetsi ndipo sikudutsa mphindi zisanu. Wodwala avule nsapato zonse ziwiri, ngakhale akudandaula phazi limodzi. Woyeza ayang'ane pansi pa phazi, chidendene ndi pakati pa zala. Akhudze ndi kuseri kwa dzanja lake kuyambira pabondo kutsika, kufananiza kutentha kwa miyendo iwiri. Kenako afufuze kugunda kwa magazi malo awiri: pamwamba pa phazi, pambali pa mtsempha wokoka chala chachikulu, ndi kuseri kwa kakolo wa m'kati. Anthu ena abwinobwino amabadwa opanda kugunda kwa pamwamba pa phazi, n'chifukwa chake kwa kuseri kwa kakolo sikuyenera kudumphidwa. Zikasowa zonse, akwere kuseri kwa bondo ndi m'mphechepeche. Wodwala atagona chagada, akweze miyendo yake m'mwamba kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pa khungu lathu lakuda kusintha sikuoneka pamwamba pa phazi, kumaoneka pansi pake ndi pa zikhadabo: phazi losowa magazi limayera mbuu, ndipo likatsitsidwa limachedwa kubwerera kenako n'kufiira modera. Za dzanzi, ngakhale popanda chida, wodwala atsinzine ndipo woyeza akhudze mopepuka nsonga ya chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu cha phazi lililonse kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, osakanikiza. Ngati sanamve pa zala ziwiri kapena kupitirira mwa zisanu ndi chimodzizo, phazilo lataya chitetezo chake.

Zida zimene zimawonjezera pamenepa ndi zazing'ono. Kachingwe kotchedwa monofilament ka magalamu 10 kamakanikizidwa pansi pa phazi mpaka katapindika, kupewa pa chilonda ndi pa khungu lolimba. Kamakina ka m'manja kotchedwa Doppler kamayendera mabatire ndipo kamamveketsa magazi amene chala sichingawamve. Ndi kameneka pamodzi ndi lamba woyezera BP amapeza nambala yotchedwa ABI. Wodwala amagona mphindi khumi, amayezedwa BP ya pamikono yonse ndi ya pa akakolo, ndipo nambala yaikulu ya pakakolo imagawidwa ndi yaikulu ya pamkono. Ngati pakakolo pali 90 ndipo pamkono pali 150, ABI ndi 0.6. Kuyambira 1.0 mpaka 1.4 zili bwino. Pa 0.9 kutsika pansi mitsempha yapanikizika, ndipo pansi pa 0.5 zafika poipa. Ikaposa 1.4 musasangalale, chifukwa mwa odwala shuga ndi impso mitsempha imauma n'kukana kufinyika, ndipo nambalayo imanama.

Dandaulo lachiwiri ndi shuga wosayezedwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo 5.6 pa 100 alionse anali ndi shuga. Ambiri mwa a BP sankadziwa n'komwe. Munthu wamkulu wodandaula mapazi kuwotcha kapena chilonda chosapola ayenera kubayidwa chala tsiku lomwelo. Shuga wa 7.0 mmol/L kupita m'mwamba asanadye kanthu, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse pamodzi ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda, ndi matenda a shuga. Koma makina oyezera alibe ntchito ngati timapepala take tatha, kapena ngati timene tabwera ndi ta mtundu wina wa makina, kapena batire lafa. Vuto limeneli likhoza kuoneka laling'ono pa msonkhano wa bajeti, komatu ndi limene limabweza mayi wa ku Katuli kapena ku Chilipa kunyumba osadziwa chimene chikudya mapazi ake.

Lachitatu ndi mankhwala olakwika operekedwa mobwereza. Bufeni, diclofenac ndi indosidi sizitsegula mtsempha ndipo sizithandiza kwenikweni ululu wa timitsempha tomvera. Zikamwedwa miyezi, zimawononga impso, zimakweza BP ndi kuboola m'mimba, ndipo wodwala shuga impso zake zimakhala zofooka kale. Wa mitsempha yopanikizika amafuna zina: kusiyiratu fodya, aspirin wa 75 mg tsiku lililonse ngati alibe zilonda za m'mimba kapena vuto lotaya magazi, mankhwala otsitsa mafuta monga atorvastatin, ndi BP ndi shuga zoyang'aniridwa bwino. Amafunanso kuyenda, chinthu chimene ambiri amadabwa nacho. Ayende mpaka katumba awawe ndithu, aime mpaka ululu uthe, ayambirenso, mpaka zikwane mphindi 30 kapena kuposa, katatu pa sabata kwa miyezi itatu. Mtunda umene amayenda umatalika. Langizo limeneli si la amene ali ndi chilonda kapena ululu wa usiku, amenewo ndi otumiza kuchipatala chachikulu. Wa mapazi owotcha amathandizidwa ndi amitriptyline woyambira pang'ono, 10 mpaka 25 mg pogona, mosamala kwa okalamba ndi a vuto la mtima, pamodzi ndi kuchiza gwero lake.

Ngakhale malangizo a pakamwa amapweteka munthu ngati phazi silinayezedwe. Mwendo wotupa chifukwa cha mitsempha yobweza magazi umathandizidwa poukweza pamtsamiro ndi kuumanga bandeji yothina. Muchite zomwezo pa mwendo wosowa magazi, mwaumaliza, chifukwa mwatseka timagazi tochepa timene timafikako. Bandeji yothina isamangidwe pa chilonda cha mwendo kugunda kwa magazi kusanatsimikizike.

Lachinayi ndi zimene zimachitika kumudzi chifukwa uthenga sunafike. Phazi likazizira, achibale mwachikondi amaliwothetsa pambaula kapena kulithowa ndi madzi otentha, ndipo phazi la dzanzi limapsa mwini wake akuseka. Ululu ukakhala wosadziwika gwero, anthu amati waponda mankhwala, n'kupita naye kukatemera mphini. Sitikunyoza chikhulupiriro cha wina aliyense, koma mphini pa phazi lopanda magazi okwanira sipola, imasanduka khomo la mafinya. Chimodzimodzi kusenga khungu lolimba ndi lezala. Asing'anga ambiri akhoza kumva zimenezi ngati wina atakhala nawo pansi mwaulemu n'kugwirizana nawo kuti phazi lozizira, lakuda kapena la wodwala shuga lisatemedwe koma litumizidwe.

Uthenga wake ndi waufupi. Yang'anani mapazi tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala, kapena mwana akuyang'anireni. Yesani madzi ndi chigongono musanaviike phazi. Pukutani pakati pa zala mpaka pouma. Dzolani mafuta pachidendene koma osati pakati pa zala. Gwedezani nsapato musanavale. Musayende opanda nsapato, ngakhale pamchenga wa kunyanja. Wengani zikhadabo mowongoka. M'boma muno tili ndi mwayi umene sitikuugwiritsa ntchito: abale athu ambiri achisilamu amasambitsa mapazi asanapemphere, kangapo pa tsiku. Masheikh atapatsidwa uthengawu, nthawi imeneyo ikhoza kukhalanso yoyang'ana phazi ndi kulipukuta, pakuti chinyezi chotsalira pakati pa zala chimang'amba khungu. Ndipo uthengawu ukangokhala m'Chichewa chokha, agogo ambiri a kwa Jalasi, kwa Bwananyambi ndi kwa Makanjira sauamva bwino. Ukhalenso m'Chiyao.

Lachisanu, ndipo ili ndi lowawa kwambiri, ndi nthawi. Pali tsiku limene mtsempha umatsekeka kamodzin'kamodzi, kawirikawiri chifukwa cha chibuma chochokera kumtima umene ukugunda mosalongosoka. Mwendo umawawa mwadzidzidzi, umazizira, umayera, kugunda kumasowa, kenako umachita dzanzi ndipo zala zimaleka kugwedezeka. Minofu yosalandira magazi imayamba kufa pakatha maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Tsopano werengani maola amenewo kwa munthu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja: kupeza njinga yamoto, kufika pachipatala chaching'ono, kudikira ambulansi imene mwina yapita ndi mayi woyembekezera, msewu wa matope mpaka paboma, kenako ulendo wa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli madokotala a opaleshoni. Msewu sitingaukonze m'kalata muno. Koma maola otayika chifukwa woyamba kumuona sanazindikire, kapena chifukwa palibe amene adaimba foni patsogolo, amenewo tingawapulumutse. Mwendo wotere usawothetsedwe, usakwezedwe, wodwala asadye kanthu, alandire mankhwala amphamvu a ululu ndi heparin (woletsa magazi kuundana) kumene alipo, ndipo anyamuke.

Chilonda cha wodwala shuga nachonso chili ndi nthawi yake. Ngati khungu lozungulira latupa ndi kutentha kupitirira masentimita 2 kuchoka m'mphepete, ngati pali fungo, thupi latentha, shuga wakwera mosaletseka, kapena kachitsulo koyera kolowetsedwa m'chilonda kagunda fupa, ameneyo ndi wogoneka tsiku lomwelo. Ndipo chilonda cha pansi pa phazi sichipola munthu akamachiponda, ngakhale chitatsukidwa kangati. Ndodo zoyendera ndizo mankhwala a chilonda chimenechi.

Mwendo ukadulidwa, ndalama zimene tidakana kuwononga pa timapepala ta shuga zimatuluka kambirimbiri: opaleshoni, magazi, masabata a pabedi, womudikirira amene wasiya munda. Msodzi sakweranso bwato, wakabaza sapalasanso, mayi sasenzanso madzi. Mwendo wochita kupanga amakaupeza kutali, ndipo mwendo wotsalawo umakhala pangozi yomweyo.

Choncho tikupempha izi:

1. Patuluke lamulo lolembedwa, lopita kuzipatala zonse za boma ndi za CHAM (za mipingo yachikhristu) m'boma lino, loti wamkulu aliyense wodandaula phazi kapena mwendo avulidwe nsapato zonse ziwiri, ndipo m'buku lake mulembedwe ngati kugunda kwa magazi kwapezeka kapena ayi. Mawu oti nyamakazi asalembedwe popanda zimenezi.

2. Wodwala wotere ayezedwe BP ndi shuga tsiku lomwelo. Timapepala toyezera tigulidwe togwirizana ndi makina amene alipo, ndipo pakhale munthu wodziwika woyankha tikatha.

3. Wodwala shuga aliyense ayezedwe mapazi kamodzi pachaka. Amene wataya kumva kapena kugunda aziyezedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo amene adakhalapo ndi chilonda kapena adadulidwapo aziwonedwa mwezi uliwonse kapena pasanathe miyezi itatu. Kuyeza komweku kulowe m'makiliniki a ma ARV ndi a TB, ndipo pyridoxine asasiyane ndi isoniazid.

4. Doppler ya m'manja ipezeke pachipatala cha paboma, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira, pamodzi ndi mabatire ndi mafuta ake, ndipo monofilament ifike pachipatala chilichonse. Zisatsekeredwe mu ofesi ya munthu amene wapita kumsonkhano.

5. Anamwino, madokotala aang'ono ndi alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe pogwira mapazi a anthu enieni pamalo awo a ntchito. Theka la tsiku likwanira, ndipo sipafunika holo ya kunyanja.

6. Mwendo wozizira mwadzidzidzi, mwendo umodzi wotupa ndi phazi la shuga la mafinya zilembedwe pa mndandanda wa matenda oitanira ambulansi, ndipo pakhoma la chipatala chilichonse pakhale nambala ya dokotala woimbira usana ndi usiku. Heparin asasowe pachipatala cha paboma.

7. Aspirin, atorvastatin, metformin, insulin, amitriptyline ndi mankhwala a BP aziitanitsidwa ku Central Medical Stores molingana ndi chiwerengero cha odwala olembedwa, ndipo akasowa, khonsolo iuzidwe poyera. Munthu amene wamwa mwezi umodzi n'kudumpha iwiri sakuchizidwa.

8. Uthenga wa chisamaliro cha mapazi umveke m'Chichewa ndi m'Chiyao pa wailesi monga Dzimwe, Radio Maria ndi Radio Islam, m'mizikiti, m'matchalitchi ndi m'madoko. Mafumu atithandize kukumana ndi asing'anga.

9. Chala, phazi kapena mwendo uliwonse wodulidwa ulembedwe pamodzi ndi chifukwa chake, kumene wodwala adachokera ndi maulendo amene adayenda kuchipatala zisanafike pamenepo. Chiwerengerocho chiziperekedwa ku khonsolo miyezi itatu iliyonse, popanda maina a anthu.

Pempho loyamba, lachitatu, lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chinayi safuna bajeti yatsopano, akufuna kalata yosainidwa. Tikupempha kuti pofika pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, mutiyankhe poyera, pa wailesi kapena pa msonkhano wa khonsolo, kuti mwa zisanu ndi zinayizi ndi ziti zayambika, ndi ziti zadikira ndalama, ndipo ndani akuziyang'anira.

Kwa inu amene mukuwerenga kalatayi muli ndi kholo limene limagona mwendo uli lende, kapena limaimaima panjira chifukwa cha katumba, pitani nalo kuchipatala sabata ino, mukalivule nsapato nokha musanalowe m'chipinda cha dokotala, ndipo mukapemphe mwaulemu kuti amve kugunda kwa magazi ndi kuyeza shuga.

Ndife anu mwaulemu,
Ena mwa ogwira ntchito zachipatala ndi osamalira odwala shuga ku Mangochi